Dzina Lolembedwa ndi Pensulo

1. Mabuku atatu, njinga imodzi

Pa chipatala cha mishoni chimene chinali kum'mawa kwa Khombedza, munthu wotchuka kuposa onse sanali dokotala. Dokotalayo ankabwera kamodzi pa mwezi, ndipo ambiri sankamudziwa ndi nkhope yomwe. Wotchuka anali Eveles Gwaza, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo chinamutchukitsa chinali njinga yake. Njingayo inkalira ngati nkhanga, moti ana a m'midzi ya m'njira ankadziwa kuti mwezi watha osayang'ana kalendala.

Eveles analekeza sukulu Fomu 2, ndipo m'chaka cha 1986 anapeza ntchito pachipatalapo. Ntchito yake inali yoyendetsa nkhani za m'mabuku. Odwala chifuwa chachikulu amamwa mapiritsi tsiku ndi tsiku kwa miyezi yambiri, ndipo asodzi sakanatha kusiya maukonde awo n'kumayenda mtunda wonsewo m'mawa uliwonse. Choncho chipatala chinaika anthu awiri kunyanja. Pa dooko la Kamphambe panali Bambo Mose, pa dooko la Msokosi panali Mayi Bernadette. Aliyense anali ndi bokosi la mankhwala ndi buku lake. Wodwala akameza piritsi pamaso pawo, iwo ankachonga m'bukumo.

Buku lachitatu, lolemera ngati mphero, linkakhala kuchipatala. Mankhwala onse ankapakidwa motsatira buku limeneli. Dzina limodzi, paketi imodzi. Dzina likasowa, paketi nayonso inkasowa.

Vuto ndi lakuti mabuku salankhulana. Lamya kunalibe, ndipo positi inkathera pa Khombedza. Zimene Bambo Mose alemba lero, Mayi Bernadette sakanazidziwa, ndipo buku lalikulu silikanazilota n'komwe. Ndiye kumayambiriro kwa mwezi uliwonse Eveles ankakopera papepala zonse zimene zasintha m'buku lalikulu, n'kupita nazo kunyanja. Kumeneko ankazilowetsa m'mabuku aang'ono, n'kukoperanso zatsopano za kumeneko kubwerera nazo. Akamaliza, mabuku atatuwo ankanena chimodzi, kufikira mawa lake pamene ankayambanso kusiyana.

Ntchitoyi ankaikonda ndi mtima wonse. Ankakonda mphepo ya panjinga. Ankakonda usipa wouma umene amayi a padooko ankamuponyera m'chikwama. Ankakondanso kuti anyamata a Yufi a pamphambano ya kumsika analeka kumufunsa khadi la chipani, poti analiona mpaka kuloweza nambala yake.

2. Malamulo atatu

Lolemba pa 1 Disembala, Eveles anafika pantchito dzuwa lisanatenthe, koma anapeza Mayi Benedicta akumudikira kale pakhonde. Mayiwa anali namwino wamkulu, kwawo kunali ku Mulanje, ndipo aliyense ankawatchula kuti a Sisitala. M'thumba la yunifolomu yawo munkakhala zolembera ziwiri, chabuluu ndi chofiira. Chabuluu chinali cha masiku onse. Chofiira chikatuluka, ngakhale mlonda ankapeza chochita kuseri kwa nyumba.

"Siya kaye njingayo, ukhale pansi," anatero a Sisitala. "Ulendo walerowu si wofanana ndi ena aja. Kumapiri mvula yayamba, ndipo mtsinje wa Nankhwazi ukadzaza, ku Msokosi tidzakuonanso mu Malichi. Njira ya panyanja ilipo, koma mankhwala anga sakwera bwato nthawi ya dzinja. Anamira kamodzi, ndipo kamodziko kanandikwana. Choncho uyambire ku Msokosi lero. Ku Kamphambe udzapita pambuyo, poti kulibe mtsinje. Mapaketi awa ndi asanu ndi awiri, ndipo iliyonse ndi ya miyezi itatu."

Eveles anamanga bokosi pa kaliyala ndi mphira, n'kubwerera pamkeka.

"Tsono ndikukumbutse malamulo anga, ngakhale ukuoneka kuti watopa nawo. Loyamba, m'buku safufuta. Ukalakwitsa, dula ndi mzere umodzi kuti wobwera m'mbuyo mwako aone zimene zinalipo. Wofufuta amabisa, ndipo wobisa m'buku la odwala amakumbira mnzake manda. Lachiwiri, chilichonse cholembedwa chikhale ndi tsiku lake ndi dzina la wolemba. Mawu opanda mwini ndi mphekesera, ndipo ine sindipaka mankhwala chifukwa cha mphekesera. Lachitatu, mabuku akasemphana, usafunse kuti lalikulu ndi liti, kapena kuti wolemba mokongola ndani. Yang'ana tsiku. Limene lili ndi tsiku lomalizira ndilo lanena zoona, linzakelo ligonje.

"Anthu amaona ngati ntchito yako ndi yopalasa njinga. Ayi ndithu. Ine ndikamapaka mankhwala sindiona nkhope, ndimaona mayina. Dzina limene iwe waligwetsa panjira ndi munthu amene ine ndamumana mankhwala. Ndipo wa chifuwa chachikulu akalekeza mapiritsi, matenda amabwerera ndi mphamvu, komanso sabwerera kwa iye yekha. Amalowa m'nyumba yonse. Wandimva?"

"Ndamva, a Sisitala."

"Wamva, koma maso ali panjinga. Pita, ndipo usachedwe pobwera."

3. Tsamba lakumapeto

Eveles anawoloka Nankhwazi akukankha njinga, madzi ali m'mawondo. Anafika ku Msokosi cha m'ma teni.

Mayi Bernadette anali mkazi wa wogulitsa nsomba, munthu wa chiseko chomveka mpaka kumabwato. Chipatala chawo chinali khonde la nyumba, mphasa imodzi, ndi mtsuko wa madzi omwera mankhwala. Anayamba amupatsa thobwa mlendo wawo, poti ntchito ya mabuku ndi njala sizigwirizana. Kenaka Eveles anayamba kuwerenga za papepala lake, iwo n'kumalemba m'buku. Zosintha zonse zinkalowa m'mabuku onse, ngakhale za odwala a dooko lina, chifukwa msodzi lero ali pano mawa ali uko.

"Nambala 36, amaliza mankhwala, achira," anawerenga Eveles.

"Ambuye alemekezeke. Pitiriza."

"Nambala 41, Abdulkarim Saidi wa ku Kamphambe, wathawa mankhwala. Pa 29 Novembala. Alemba ndi a Sisitala."

Cholembera chinaima. Mayi Bernadette anayang'ana kumtengo wa mango umene unali pabwalo. Pansi pake panali bambo wina wochepa thupi, wa kachisoti koyera, akusoka ukonde.

"Wati alemba ndi inki yanji?"

"Yofiira, amayi."

"Mayo ine!"

Anatembenuza buku n'kutsegula tsamba lakumapeto kwenikweni, kumene Eveles sankafikako. Pamenepo panali dzina la Abdulkarim Saidi, lolembedwa ndi pensulo, tizilembo tating'onoting'ono. Pansi pake panali mzere wa zochonga, kuyambira pa 4 Novembala kulekeza pa 24.

"Anafika kuno iwe utangodutsa dzulo lake," anatero Mayi Bernadette motsitsa mawu. "Analibe kalata yosamukira. Lamulo ukulidziwa, wopanda kalata sapatsidwa piritsi, poopa kuti angamalandire kuwiri. Koma munthu wandionetsa khadi lake la kuchipatala, akutsokomola pakhomo panga, ndikanatani? Ndinatsegula paketi yapadera ija ya milungu itatu, yosungira ngati ena anyowa. Ndinkati kalata ibwera m'mbuyo, koma siinabwere. Paketi inatha pa 24."

Anakweza mawu. "Che Abdulkarim, tabwerani mudzamve. Buku lalikulu likuti mwathawa."

Bambowo anabwera n'kunjuta pafupi ndi khonde. Atamva bwinobwino, anaseka mpaka chifuwa chinawagwira.

"Ndathawa ine? Wothawa amakhala pansi pa mango wa eni mankhwala? Mwana wanga, umene unathawa ndi usipa. Mwini ukonde anatidzutsa m'bandakucha kuti nsomba zasamukira kuno, tinyamuke. Ndinathamangira kwa a Mose kukapempha kalata, ndinapeza apita kumaliro ku Chitala. Nanga usipa ungadikire kalata? Pano ndimafika m'mawa uliwonse ndikachoka ku swala kumzikiti. Masiku asanu ndi awiri tsopano ndikungolandira moni, koma alhamdulillah, moni wa mayi awa ndi wokoma."

Anatulutsa khadi lawo, lokutidwa m'pepala la shuga. Nambala inali 41. Eveles anayang'ana m'bokosi, ngakhale ankadziwa kale kuti muli mapaketi asanu ndi awiri, ndipo odwala ndi asanu ndi atatu.

Che Abdulkarim atabwerera ku ukonde wawo, Mayi Bernadette anamugwira dzanja Eveles.

"Eve, mwana wanga, tsamba ili usalikopere. A Sisitala akadziwa kuti ndinapereka popanda kalata, andilanda bokosi. Komanso ine ndine ndani kuti nditsutse inki yofiira? Ndinalekeza Sitandade 6 ine. Tingochita chonchi. Ndizitapa limodzilimodzi m'mapaketi a enawa, ndizimupatsa. Palibe adziwe."

Eveles anatola kamtengo n'kuchita masamu pamchenga.

"Mukatero, amayi, onse asanu ndi atatu adzakhala masiku khumi ndi limodzi opanda piritsi, mtsinje usanaphwe."

"Nanga titani? Ukufuna undichititse manyazi pamaso pa dooko lonse?"

Eveles anachita mantha, chifukwa mayiwa ankamukonda ngati mwana wawo, ndipo a Sisitala anali asanatsutsidwepo ndi munthu aliyense pachipatala paja. Komabe anatenga pepala lake n'kuyamba kukopera, tsiku ndi tsiku, chochonga ndi chochonga.

"Ndikopera, amayi. Mundikwiyire lero. Koma ndikanena zonse, ndi zoti pakanapanda inu bambowa akanakhala mwezi wathunthu osamwa kanthu."

Mayi Bernadette anatseka buku n'kulowa m'nyumba, ndipo tsiku limenelo m'chikwama cha Eveles simunagwe usipa.

4. Masiku awiri

Pobwerera, madzi a Nankhwazi anali atafika m'ntchafu. Eveles anafika kuchipatala dzuwa litapendeka, siketi ili nyowe. Anapeza a Sisitala ali patebulo ndi buku lalikulu. Anaika pepala lake patsogolo pawo, n'kuima manja kumbuyo.

A Sisitala anawerenga kawiri. Eveles anafotokoza zonse monga analonjezera.

"Pensulo!" anatero a Sisitala. "Bernadette wandilembera munthu ndi pensulo, kumapeto kwa buku? Za iyeyo tikamba. Koma za wodwalayu palibe chovuta. Lamulo lachitatu likuti chiyani?"

"Tsiku lomalizira ndilo lopambana."

"Bernadette wachonga komaliza pa 24. Ine ndalemba pa 29. Ndiye kuti munthuyu anathawa ku Kamphambe, wamwako pang'ono ku Msokosi, wathawanso. Asodzi ndimawadziwa. Paketi ya miyezi itatu sindingaitumize kwa munthu amene mawa adzakhala ali ku Nkhotakota."

"Koma ndawaona ndi maso anga, a Sisitala."

"Wawaona lero. Njinga yako imamveka ku Msokosi usanawoloke ndi mtsinje womwe. Wothawa aliyense angabwere kudzakhala pansi pa mango tsiku la mapaketi. Zoti amabwera m'mawa uliwonse wakuuza ndi munthu amene wandibisira tsamba mwezi wathunthu."

Apa ndi pamene mtsikana wina akanati zikomo, n'kupita kukayanika siketi yake. Eveles nayenso anayang'ana kukhomo. Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo iye anali atawoloka mtsinje kawiri.

"Pepani a Sisitala, ndifunse nawo. Pa 29 paja, anaona ndani kuti bambowa athawa?"

A Sisitala anamuyang'ana pamwamba pa magalasi awo. Kenaka anaimirira, n'kupita pa msomali wa pakhoma pamene ankabayapo mauthenga onse ochokera kunyanja. Anasolola kapepala ka m'kope la sukulu, konunkha nsomba, n'kuwerenga mokweza.

"Nambala 41 ndi nambala 44 sakuoneka kuyambira pa 4. Ndine Mose. Pa 17 Novembala."

Anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Pa 17," anatero. "Anandipatsa ndi wogulitsa nsomba wina Loweruka lapitali. Anandiuzanso yekha, akuseka, kuti anayamba wapita nako ku Lilongwe, kali m'thumba la malaya."

"Ndipo pa 4 pamene anasowa ku Kamphambe ndi tsiku lomwe anayamba kumwa ku Msokosi," anatero Eveles, mawu atayamba kulimba. "Zochongazi ndi makumi awiri ndi chimodzi, a Sisitala. Ndi paketi yapadera ndendende. Chimene chinathawa ndi mankhwala, osati munthu."

A Sisitala anawerenga zochongazo ndi chala, chimodzichimodzi. Atamaliza anavula magalasi, n'kupukusa mutu, n'kumwetulira.

"Zaka makumi awiri ndi zitatu ndili pa ntchito imeneyi, lero ndaphunzitsidwa ndi mwana wa siketi yonyowa. Mvetsera bwino, chifukwa sindibwereza kawirikawiri mawu akuti ndinalakwa. Ndinalakwa. Lamulo langa lachitatu ndi lopunduka mwendo umodzi. Nkhani iliyonse ili ndi masiku awiri, tsiku limene munthu anaona ndi tsiku limene wina analemba. Ine ndinatenga nkhani ya pa 17 n'kuiveka tsiku la pa 29, ndipo inaoneka yatsopano kuposa ya Bernadette pamene inali nkhalamba. Komanso a Mose anati sakuoneka, ine n'kulemba kuti wathawa. A Mose anaona mpando wopanda munthu basi. Zinazo ndinaonjezera ndine, ndili pampando uno. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo wandimvererayo anali kapepala kokayenda ku Lilongwe.

"Kuyambira lero, m'mabuku onse atatu tizilemba masiku onse awiri, ndipo mabuku akasemphana tiziyang'ana tsiku loona. Ukawauze a Mose ndi Bernadette, aliyense ajambule mzere watsopano m'buku lake. Ndipo iwe, usadzaope kufunsa funso ngati lalerolo, ngakhale inki itafiira bwanji. Ulemu ndi wabwino, koma ulemu wosiya munthu wopanda mankhwala miyezi itatu ine sindiufuna."

Anatulutsa cholembera chofiira, n'kudula mawu awo omwe ndi mzere umodzi, n'kusaina pambali. Kenaka anatembenuzira buku kwa Eveles n'kumupatsa chabuluu.

"Womaliza kumuona ndiwe. Lemba."

Eveles anali asanalembepo dzina lake m'buku lalikulu. Ankangokopera za ena. Analemba mosamala kuti: Nambala 41 ali ku Msokosi, sanathawe. Waona Eveles Gwaza, pa 1 Disembala. Anamva kukoma mumtima, ndipo sanathe kubisa.

"Usasekerere kwambiri, ntchito ikadalipo," anatero a Sisitala akutsegula kabati ya mankhwala. "Mawa ulawirire. Pagombe la Nankhwazi pali chitsa cha mkuyu. Madzi akachimiza, ubwerere, sindikufuna kulemba dzina lako ndi inki yofiira. Ndipo nambala 44 uyu, Mustapha Saidi, ndinamulembanso kuti wathawa tsiku lomwelo. Ukafunse ngati alipo akudziwa kumene ali."

5. Tsidya la Nankhwazi

Mawa lake Eveles anafika pamtsinje dzuwa litangotuluka. Madzi anali ofiira ndi dothi la kumapiri, atanyamula mapesi ndi zinyalala za m'minda. Chitsa cha mkuyu chinali chikuonekabe, ngakhale pang'ono chabe.

Tsidya linalo panali anthu awiri. Mayi Bernadette anali atakumbatira buku lawo, kapu ya madzi ili m'dzanja lina. Che Abdulkarim anali ndi nsungwi yaitali yopalasira bwato m'bango.

"Tinamva njinga!" anakuwa Mayi Bernadette.

Eveles anasiya njinga kwa mayi wina amene ankalima pafupi. Anasenza mankhwala pamutu, atawakulunga m'pulasitiki, n'kulowa m'madzi. Che Abdulkarim nawonso analowa mpaka m'chiuno n'kumutambasulira nsungwi.

"Usayang'ane madzi, mwana wanga, yang'ana ine. Ponda cha kumtunda, pali mchenga wolimba. Bisimila, bwera."

Anawoloka bwinobwino. Mano akugunda chifukwa cha kuzizira, Eveles anamasula pulasitiki. Munali paketi ya miyezi itatu yolembedwa nambala 41, paketi ina yaing'ono, ndi kalata.

Mayi Bernadette anailandira kalatayo ndi manja awiri, nkhope ili gwa. "Werenga ndiwe," anatero. "Ine maso akana. Ngati ndi za bokosi, ndalipukuta kale kuti alitenge."

Eveles anawerenga. "Bernadette, popereka mankhwala unachita bwino. Pobisa unalakwa. Wobwera wopanda kalata koma ali ndi khadi uzimupatsa, uzimulemba ndi inki kutsogolo kwa buku, ndipo uzitumiza uthenga tsiku lomwelo. Paketi yapadera ina ndi imeneyo. Pensulo upatse ana. Ndine Benedicta."

Chiseko chinaphulika mpaka mbalame za m'bango zinabalalika. Mayi Bernadette anamukumbatira Eveles ndi kunyowa kwake konse.

"Iwe mwana iwe! Dzulo ndinakutukwana mumtima mpaka ndiwo zinapserera. Undikhululukire."

Anakhala pamchenga pomwepo. Che Abdulkarim anatsegula paketi yawo, n'kuika piritsi palilime, n'kumwera madzi a m'kapu. Anatseka maso kanthawi, n'kunena alhamdulillah. Mayi Bernadette anatsegula buku kutsogolo, n'kulemba dzina lawo ndi inki, zilembo zazikuluzikulu. Eveles anawaonetsa pojambula mzere watsopano wa tsiku loona, ndipo anachonga pa 2 Disembala.

"Tsono ubwerere msanga madzi asanakwere," anatero Mayi Bernadette.

"Katsala kamodzi," anatero Eveles. "Abambo, a Sisitala akufunsa za Mustapha Saidi, nambala 44. Mwina mukudziwa kumene ali?"

Che Abdulkarim anaika kapu pansi. Chimwemwe chinachoka pankhope pawo.

"Ndi mng'ono wanga ameneyo. Dzulo ndinaopa kumutchula, nditaona kuti dzina langa lokha lawaliritsa mayi awa. Tinachoka ku Kamphambe bwato limodzi, koma iye sanatsike kuno. Anapitirira ndi ukonde wina ku Chigolo, kuseri kwa dambo, ndi mkazi wake ndi ana. Anati akalandira mankhwala kumeneko."

"Ku Chigolo kulibe bokosi," anatero Mayi Bernadette. "Kulibe ndi buku lomwe."

Eveles anawerenga ndi zala kuyambira pa 4 Novembala. Zala zinatha, anayambiranso, zinathanso. Analekeza pa masiku makumi awiri ndi asanu ndi anayi.

"Kuchokera pano, ku Chigolo ndi kutali bwanji?" anafunsa.

"Wapansi, maola atatu," anayankha Che Abdulkarim. "Koma mitsinje ndi iwiri."